Ufumu Umatsata Bele: Mibadwo ya Mafumu ku Nyimba ndi Petauke

Munthu wochokera ku Lusaka akawoloka mlatho wa Luangwa n'kuyamba kukwera zitunda za Kacholola, amakhala walowa m'dziko la mafumu anayi a m'boma la Nyimba: Nyalugwe, Luembe, Mwape ndi Ndake. Apaulendo ambiri sazidziwa zimenezi. Iwo amadziwa nthochi za pa Nyimba, zija amayi amathamanga nazo kumawindo basi isanaime n'komwe. Koma nthochizo zimamera pa nthaka ya mfumu, ndipo mfumuyo inakhala pampando chifukwa cha mndandanda wa mayina a makolo umene ena amauloweza ngati katekisimu, pamene ena amautsutsa mpaka kukafika nawo kumakhoti a ku Lusaka.

Mfumu ikamwalira kuno, ana ake amalira maliro a bambo wawo, koma mpando sauyang'ana. Si wawo. Akuluakulu akakhala pansi kufunafuna wolowa m'malo safunsa kuti bambo wake wa munthuyu ndani. Amafunsa kuti anabadwa kwa yani, ndipo yankho lake limakhala dzina la mkazi. Wolowa ufumu amachokera mwa abale a mfumu a mimba imodzi, kapena mwa ana a alongo ake, kapena mwa adzukulu obadwa kwa ana aakazi a alongowo. Ansenga amawerenga mtundu kudzera kwa mayi, monga amachitira Achewa, Alala, Abemba ndi Ayao.

Chodabwitsa n'chakuti mukamva mndandanda umene umawerengedwa pa miyambo, kapena mukatsegula mabuku akale a boma, mumapeza pafupifupi amuna okhaokha atandandalikidwa, woyamba, wachiwiri, wachitatu, ngati kuti anaberekana okha. Akazi amene anawabereka, amene ufumuwo unadutsa m'mimba mwawo, ambiri mulibemo. Ine ndimaona kuti milandu yambiri ya ufumu imene yasautsa Ansenga imalowera pa mpata umenewu.

Mundikula ndi Undi

Ansenga sanakhalepo ndi ufumu umodzi waukulu wolamula aliyense, wofanana ndi wa Litunga kwa Alozi kapena wa Chitimukulu kwa Abemba. Anali mafuko, lililonse ndi dera lake ndi mkulu wake: a Mwanza, a Tembo, a Mumba, a Lungu, a Sakala, a Ngoma, a Mvula ndi ena. Mbiri za mafukowa zimaloza ku Uluba, m'dziko limene lero ndi Congo, ndipo chilankhulo chawo chikadali ndi mawu ambiri ofanana ndi a anthu a kutsidya kwa Luangwa. Mfumu imene imatengedwa kuti ndi yaikulu pakati pawo ndi Kalindawalo, amene amakhala kufupi ndi boma la Petauke. Pambali pake pali Mumbi, Mwanjawanthu, Nyanje, Sandwe, Nyamphande, ndi anayi a ku Nyimba aja.

Nkhani ya Kalindawalo siyambika popanda kutchula Undi. Akuluakulu a Achewa amati Kalonga wina atamwalira ku Maravi, mbale wake Undi anayembekeza kulowa ufumu koma anamudumpha. Atakwiya anasamuka kulowera kumadzulo, nakamanga likulu lake ku Mano, m'dera limene lero lili m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Pochoka sanangotenga ankhondo ndi katundu. Anatenga Nyangu, mayi wa mafumu a Aphiri, pamodzi ndi akazi a mbumba yachifumu. Amene anatsala anatsala ndi mpando, koma gwero la olowa pampandowo linapita ndi Undi. Wofuna kumvetsa ufumu wa mitundu yathu ayambire pamenepa: munthu amene anakanidwa mpando anadziwa chinthu choyenera kunyamula.

Kuchokera ku Mano mphamvu za Undi zinafalikira mpaka kudziko la Ansenga. Nkhani imene olemba mbiri anaimva kwa okalamba imati kumeneko kunali mkulu wa fuko la Mwanza dzina lake Mundikula, ndipo Undi pobwerera kwawo anamusiya kuti alinde bwalo, dzina laufumu n'kuchokera pomwepo. Mpaka apa anthu amagwirizana. Chimene amasiyana ndi tanthauzo la nkhaniyo. Kumbali ya Achewa imamveka ngati Undi ndiye anaika Kalindawalo, choncho ali ndi mawu pa mpandowo mpaka lero. Ansenga ambiri amayankha kuti Mundikula sanatoledwe panjira, fuko lake linali pamalopo kale, ndipo chimene chinamanga awiriwa chinali ubale, osati kugonja. Nkhani ndi imodzi, koma aliyense amaiyambira pamene pakumukomera.

Harry Langworthy, amene analemba za ufumu wa Undi mu 1969, ndi Albert Williams-Myers, amene analemba za mafuko a Ansenga mu 1978, onse anayenda m'midzi kufunsa okalamba, ndipo ntchito zawo zimaonetsa mbali ziwirizi: wina anayang'ana kuchokera kulikulu la Undi, wina kuchokera m'mafuko.

Agiriki nawonso anali ndi akamwini

Amene anaphunzirako nthano za Agiriki amadziwa Agamemnon, mfumu ya ku Mycenae imene inatsogolera nkhondo ya ku Troy. Mzere wake umaoneka woongoka bwino: mulungu Zeus anabereka Tantalus, Tantalus anabereka Pelops, Pelops anabereka Atreus, Atreus anabereka Agamemnon ndi Menelaus, Agamemnon anabereka Orestes. Bambo ndi mwana, bambo ndi mwana, mpaka pansi.

Koma funsani funso la kwathu, lakuti munthu aliyense pamenepa mpando anaupeza bwanji, muone mmene chithunzicho chikusinthira. Pelops anali mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja, ku Asia Minor. Ufumu wa ku Pisa anaupeza pokwatira Hippodamia, mwana wa mfumu Oenomaus, atapambana mpikisano wa magaleta umene mpongozi wakeyo anafera. Menelaus sanabadwire ku Sparta. Analowa ufumu wa kumeneko chifukwa anakwatira Helen, mwana wa m'nyumba ya mfumu Tyndareus. Nanga Atreus? Wolemba mbiri Thucydides akuti mfumu Eurystheus popita kunkhondo inasungitsa Mycenae kwa Atreus chifukwa anali malume ake, mlongo wa mayi ake, ndipo itafera komweko Atreus anakhazikika. Agamemnon ali ku Troy, Aegisthus analamula Mycenae potenga mkazi wake Clytemnestra. Ku Thebes, Oedipus analowa ufumu pokwatira mfumukazi Jocasta, ndipo ana ake Eteocles ndi Polynices ataphana, amene anakhala pampando anali Creon, malume awo.

Munthu wa ku Nyimba akamva zimenezi sangadabwe kwenikweni. Anganene kuti Pelops ndi Menelaus anali akamwini amene anachita mwayi. Angaonjezenso kuti kwathu mwayi wotero kulibe: mkamwini angalime, angamange nyumba, angabereke ana khumi, koma pampando sakhala. Kusiyana kwake kuli pamenepo. M'nthano za Agiriki mpando umatsata mkazi n'kupita kwa mwamuna wake. Kwa Ansenga umatsata mkazi n'kupita kwa mlongo wake kapena kwa mwana wake. Koma konse kuwiri, mndandanda wa amuna umabisa khomo lenileni limene ufumu unalowera.

Akatswiri akhala akukangana pa zimenezi kwa nthawi yaitali. Mu 1861 Johann Jakob Bachofen wa ku Switzerland ananena kuti kale anthu onse ankalamulidwa ndi amayi, ndipo anatsamira kwambiri pa mawu a wolemba mbiri Herodotus akuti anthu a ku Lycia ankadzitchula ndi mayina a amayi awo. Ophunzira a masiku ano sakuvomerezanso maganizo aakulu chotero. Koma mu 1991 Margalit Finkelberg anaonetsanso kuti m'nthano zambiri za mafumu a Agiriki mpando umapita kwa mkamwini kaamba ka mwana wamkazi wa mfumu. Za Bachofen ndingonena chimodzi: kuwerenga mtundu kwa mayi si kulamulidwa ndi amayi, ndipo mayi aliyense wa ku Ndake amene anakanganapo ndi alongo ake pa nkhani ya munda angamufotokozere bwino.

Pali chinanso chimene Agiriki amatiphunzitsa. Mizere yawo sinali yongosangalatsa ana madzulo. Mafumu a ku Sparta ankati ndi zidzukulu za Heracles, ndipo n'chifukwa chake dzikolo linali lawo. Herodotus anandandalika makolo a Leonidas, amene anafera ku Thermopylae m'chaka cha 480 Khristu asanabadwe, dzina ndi dzina mpaka kwa Heracles. Yemweyo akusimba za Demaratus, mfumu ina ya ku Sparta, amene anachotsedwa pampando adani ake atanena kuti sanali mwana weniweni wa mfumu Ariston. Mlanduwo unapita kukachisi wa ku Delphi, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti Cleomenes, mfumu inzake, anali atanyengerera a kukachisiko kuti agamule momukomera. Wina angaganize kuti akumva nkhani ya chaka chatha.

Pamene pamathyokera mzere

Mlandu wa Demaratus ukuonetsa pofooka pa anthu otsata bambo: bambo angathe kukayikiridwa. Mayi sakayikiridwa, anamwino ndi azamba anaona. Ena amatenga mfundo imeneyi n'kumati njira ya kwathu ilibe vuto. Ili nalo, koma lili pena.

Mbumba yachifumu siikhala ya mayi mmodzi mpaka kalekale. Kholo lachikazi likabereka ana aakazi atatu, pakapita mibadwo itatu pamakhala mabele atatu, bele lalikulu, lapakati ndi laling'ono, lililonse ndi anthu ake ambirimbiri. Kodi ufumu ukhale wa bele lalikulu lokha, kapena uzizungulira? Mabanja ena amati uzizungulira, koma amene ali pampando amachedwa kukumbukira pangano limenelo. Pamenepo ndi poyamba.

Pachiwiri ndi pa nkhani imene anthu sakonda kuinena masana. Kale mafumu ankakhala ndi akazi ogwidwa pankhondo, ogulidwa, kapena operekedwa polipira mlandu. Ana a akazi otere analibe malume kwina, choncho ankakulira m'mudzi wa mfumu n'kumatchulidwa ndi fuko la mfumu. Patapita zaka 150, zidzukulu zawo zimadziwa kuti ndi a m'nyumba yachifumu, ndipo palibe amene anaziuzapo zina. Tsiku la kusankha mfumu ndi pamene wina amaimirira n'kunena kuti agogo awo aja sanali a m'bele. Mawu amenewo akatuluka sabwereranso, ndipo nthawi zambiri palibe njira yotsimikizira kuti ndi oona kapena ndi mpeni chabe.

Pachitatu ndi pa kusungira. Mfumu ikamwalira olowa m'malo ali ana, kapena atathawa nkhondo, akuluakulu ankaika munthu wina wodalirika kuti asunge mpando. Wosungayo akakhala zaka makumi awiri, akalandira alendo a boma, dzina lake likalembedwa m'buku, mbumba yake imayamba kudziwerengera. Atreus uja wa ku Mycenae anayambanso ngati wosungira.

Kuwonjezera pa zonsezi pali mwambo wa kulowa dzina. Munthu akalongedwa ufumu amasiya kukhala iye, amasanduka Ndake kapena Nyalugwe, ndipo amatenga ubale wonse wa dzinalo. Ngati woyamba wa dzina limenelo anali mlamu wa mfumu ina, wa lero naye amatcha mfumu ya lero ya kumeneko mlamu, ngakhale magazi awo sanakumanepo. Ian Cunnison anafotokoza mchitidwe womwewu mu 1956 polemba za anthu a ku Luapula. Mwambowu ndi wabwino posunga mtendere pakati pa mafumu, koma umasokoneza wowerenga zaka. Zimene anachita anthu asanu a dzina limodzi zimasimbidwa ngati anachita munthu mmodzi, ndipo amene analamula nthawi yochepa, kapena anachoka mochititsa manyazi, amagwa m'ndandanda mwakachetechete. Agiriki nawo zinkawachitikira: alakatuli ena akale ankati bambo wa Agamemnon anali Pleisthenes, mwana wa Atreus, koma dzina limenelo linazimirira m'nkhani yotchuka. Ngakhale Mateyu, pondandalika makolo a Yesu m'magulu atatu a mibadwo 14, anadumpha mafumu atatu, Ahaziya, Yoasi ndi Amaziya, amene buku la Mafumu limawatchula. Kufupikitsa mzere si bodza nthawi zonse. Koma amene akufuna kupita nawo kukhoti adziwe kuti ndi wofupikitsidwa.

Zaka za mikondo ndi mfuti

Zaka za m'ma 1800 ndi zimene zinasokoneza kwambiri mabele a Ansenga. Mu Novembala 1835 Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi kufupi ndi Zumbo, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa, ndipo anthu oyamba kuwalandira mosafuna anali Ansenga. Anakhala pakati pawo zaka zingapo, natenga anthu ambiri popitiriza ulendo wa kumpoto. Patapita zaka pafupifupi makumi atatu, Mpezeni, mwana wa Zwangendaba, anabwerera ndi gulu lake n'kukhalanso m'dziko la Ansenga asanasunthire kudera limene lero kuli Chipata. Akazi a Chinsenga amene anatengedwa anali ochuluka kotero kuti ana a Angoni anakula akulankhula chilankhulo cha amayi awo, ndipo Chingoni cha ku Chipata cha lero n'chapafupi kwambiri ndi Chinsenga kusiyana ndi Chizulu. Koma Angoni sanasiye kutsata bambo ndi kulowola. Mkazi wa m'bele lachifumu amene anagwidwa n'kukabereka kwa Angoni, ana ake anali Angoni kumeneko, pamene kwawo anali olowa ufumu osowa.

Kum'mwera kunali Achikunda, ankhondo a mfuti ochokera m'minda ya Apwitikizi ya m'mbali mwa Zambezi. Atsogoleri awo monga Matakenya ndi Kanyemba ankakwera ndi chigwa cha Luangwa kuchokera ku Zumbo ndi Feira kufunafuna minyanga ndi akapolo. Midzi ya m'dera la Nyimba inali panjira pawo penipeni. Ndi m'nthawi imeneyi mmene munadziwika Mwape, mfumu yaikazi imene imakumbukika chifukwa cholimbana ndi Achikunda. Ngakhale amawerengedwa pamodzi ndi mafumu a Ansenga, Mwape ndi Luembe ndi a mtundu wa Aambo, abale a Alala, ndipo mafumu awo ndi a fuko la Nyendwa, limodzi ndi Mboroma wa kutsidya kwa Luangwa. Wansembe Bronislaw Stefaniszyn analemba buku la moyo ndi miyambo ya Aambo limene linatuluka mu 1964. Tisaiwale kuti mkazi kukhala pampando si chachilendo kuno: m'zaka zathu zino mipando ya Mwape, Nyanje ndi Mwanjawanthu yadziwika ndi mafumu aakazi.

Cholembera cha bwanamkubwa

Angoni atagonja kwa Azungu mu 1898, dziko linalowa m'manja mwa British South Africa Company, imene inalamula mpaka 1924. Azungu a pa boma ankafuna kudziwa chinthu chimodzi: ndani amene angawasonkhanitsire msonkho ndi anthu amtengatenga. Anayamba kulemba mayina a mafumu ndi makolo awo m'mabuku a boma. Mmodzi wa amene anachita ntchitoyi mwakhama anali E. H. Lane Poole, amene anagwirapo ntchito ku Petauke, ndipo buku lake la mitundu ya m'chigawo chino linatuluka mu 1934.

Tiyenera kumuthokoza, chifukwa popanda iye zambiri zikanatayika. Koma tiganizirenso mmene nkhanizo zinkafikira papepala. Mzungu ankakhala pakhonde la boma kapena pamsasa, womasulira pambali pake, mesenjala ataimirira. Oyankha anali mfumu imene inalipo ndi nduna zake, anthu amene anali ndi chifukwa chofotokozera mzere mowakomera. Agogo aakazi, amene ankadziwa kuti uje anayamwa bele la yani, sankaitanidwa pabwalo lotero, ndipo akanaitanidwa sakanalankhula pamaso pa akamwini awo. Wolembayo naye anakulira m'dziko limene ufumu umachoka kwa bambo kupita kwa mwana, choncho dzanja lake linazolowera kujambula mzere wotsika wa amuna.

Lamulo la 1929 lokhazikitsa maulamuliro a mafumu linakweza mtengo wa mabuku amenewa. Mfumu yolembedwa inapatsidwa khoti ndi malipiro, ndipo ena amene anali eni dziko anatsitsidwa kukhala anyakwawa chifukwa anthu awo anali ochepa kapena chifukwa bwanamkubwa sanawakonde. M'zaka zomwezo Undi wa nthawi imeneyo anachoka ku Mozambique mu 1935 n'kulowa m'dziko la Northern Rhodesia, ndipo mu 1937 boma linamuvomereza kukhala mfumu yaikulu ya Achewa. Funso lakale la pakati pa Undi ndi Kalindawalo linapeza moyo watsopano, tsopano lili ndi masitampa. Mabuku a boma aja akusungidwa ku National Archives ku Lusaka, ndipo maloya amawafunafuna pakabuka mlandu wa ufumu. Zimene munthu mmodzi ananena masana ena pakhonde la boma zimalemera lero kuposa zimene mbumba yonse ikukumbuka.

Mpando wa Kalindawalo womwe unakhala zaka zambiri ukukokedwa pakati pa nyumba ya Mundikula ndi nyumba ina yotchedwa ya Nsangu, nkhani n'kudutsa m'makhoti ndi m'maofesi a boma. Sindikufuna kuweruza mlanduwo m'nyuzipepala. Chimene ndikuona n'chakuti pansi pa mapepala onse a maloya panali mafunso akale aja: ndani anali mwini, ndani ankasungira, ndipo ndani anabadwa kwa yani.

Chifukwa chake mpando ukutentha

Wina angafunse kuti anthu ophunzira, ena okhala ku Lusaka ndi ku Copperbelt, amalimbiraniranji mpando wa kumudzi. Yankho lili m'nthaka. Lamulo la malo la 1995 limalola kuti malo a mfumu asinthidwe kukhala a lizi ya zaka 99, koma mfumu iyenera kuvomereza kaye. M'boma la Nyimba muli dera losungirako nyama la West Petauke, muli mafamu a nyama zakutchire m'mbali mwa Luangwa, muli nkhalango zimene tsopano zimabweretsa ndalama za kaboni, muli makala ndi matabwa otsikira ku Lusaka usiku ndi usana. Pa zonsezi siginecha ya mfumu ili ndi mtengo. Onjezani malipiro a mwezi ndi mwezi ochokera ku boma, ndi mwayi wokakhala m'Nyumba ya Mafumu, mmene chigawo chilichonse chimatumiza mafumu asanu.

Malamulo nawo asintha. Lamulo la mafumu la 1965 linkapatsa pulezidenti mphamvu yovomereza mfumu kapena kuichotsa m'kaundula. Malamulo aakulu a dziko atakonzedwanso mu 2016, gawo 165 linaletsa nyumba ya malamulo kupatsa munthu aliyense mphamvu yotero, ndipo mu 2019 khoti loona za malamulo aakulu linagamula kuti zigawo za lamulo la 1965 zopereka mphamvuyo zikusemphana ndi malamulo aakuluwo. Ambiri anasangalala kuti andale achotsedwa m'nkhani za ufumu, ndipo n'zoona kuti anali atazilowerera mopitirira. Koma zotsatira zake n'zakuti katundu yense wabwerera kwa mbumba. Ngati mbumbayo siidziwa bwino mabele ake, palibenso wina woti aimbidwe mlandu.

Pakhomo pa munthu wamba zinthu zikuyenda njira ina. Lamulo la 1989 la chuma cha munthu womwalira osasiya wilo limapereka magawo 50 pa 100 alionse kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo ndi 10 kwa ena amene ankadalira malemuyo. Mwana wa mlongo, amene kale ankatenga zonse, salinso patsogolo. Lamuloli linapulumutsa amasiye ambiri kwa achibale olanda chuma, ndipo sindingalinyoze. Koma silikhudza malo a mwambo, ndiponso silikhudza katundu wa ufumu. Choncho mnyamata wa ku Nyimba akukula m'dziko la malamulo awiri: nyumba ya ku tauni ndi ndalama za penshoni adzalandira kwa bambo ake, koma munda wa makolo ndi mpando zili kwa amalume.

Dzina la pa chitupa limasokonezanso. Sukulu, chipatala ndi tchalitchi zimalemba mwana ndi dzina la bambo. Kalonga Gawa Undi wa lero, amene analowa ufumu mu 2004 atamwalira Chivunga yemwe analamula kuyambira 1953, dzina lake la kusukulu ndi Frederick Daka, chonsecho mpandowo ndi wa Aphiri. Palibe cholakwika pamenepo: Daka ndi la kuchimuna, Uphiri ndi wa kuchikazi. Koma ndi achinyamata angati obadwira ku Lusaka, ku Mtendere kapena ku Kalingalinga, amene angatchule fuko la agogo a amayi awo? Ambiri amadziwa dzina limodzi lokha, ndipo ndi dzina limene pa nkhani ya ufumu wa Ansenga lilibe ntchito. Masiku ano mabanja amatumizirana mitengo ya mibadwo pa WhatsApp, yojambulidwa bwino pa kompyuta, koma ambiri ojambulawo amatsata chitsanzo cha Azungu: mwamuna pamwamba, ana ake pansi, mkazi kadzina kakang'ono pambali. Mtengo wotero ungakhale wokongola, koma suyankha funso limene akuluakulu adzafunse.

Akale anati chibale ndi fupa, sichiola. Mwambiwu ndi woona pa maliro ndi pa njala. Pa mpando, fupalo limafuna wina wodziwa pamene linalumikizana, ndipo odziwawo ndi amayi okalamba amene akutha mmodzimmodzi m'midzi ya Nyalugwe, Ndake, Mumbi ndi Sandwe, osafunsidwa ndi aliyense.

Mu Okutobala Ansenga amasonkhana ku Petauke pa mwambo wa Tuwimba, monga Achewa amasonkhanira ku Mkaika ku Katete pa Kulamba kumapeto kwa Ogasiti. Okonza miyamboyi angachite bwino kuti potchula mafumu akale azitchulanso mayi wa mfumu iliyonse ndi bele limene anachokera, pabwalo, anthu onse akumva, nthawi imene palibe mpando wopanda munthu. Zonenedwa pa mtendere zimavuta kuzisintha pa mkangano. Ndipo inu amene muli ndi agogo aakazi kumudzi, foni imene mumawatumizira ndalama ili ndi chojambulira mawu. Mukapita kukawaona khalani nawo pansi, afunseni amayi awo, alongo ndi abale a amayi awo, ndi kumene mwana wamkazi aliyense anakakwatiwa. Lembani mabele onse, ngakhale a anthu amene simumwerana nawo madzi, ndipo kope limodzi mukasungitse kunja kwa banja.